NICO inawoloka malire, koma pepala la seguro siliwoloka lokha

Pachipata cha Cassacatiza zimachitika kuti dalaivala wa lole yochokera ku Katete atulutsa pepala la inshuwaransi, kapena kuti seguro monga timatchulira kuno, chidindo chili pomwepo, masiku ake asanathe, koma n'kuuzidwa kuti agule lina asanalowe mumsewu wa N9 wopita ku Tete. Ambiri amaona ngati akuberedwa masanasana. Komatu nkhaniyi ili ndi gwero lake, ndipo mbiri ya NICO, kampani ya ku Malawi yomwe inafika ku Zambia ndi kuno komwe, ikuthandiza kuimvetsa.

NICO inayamba ntchito ku Blantyre mu 1971, dzina lake lonse lili National Insurance Company. M'zaka zimenezo sikukanatheka kuti ikatsegule malonda kwa anansi ake. Ku Zambia boma la Kenneth Kaunda linaika malonda onse a inshuwaransi m'manja mwa kampani imodzi ya boma, ZSIC. Kuno ku Moçambique, mu Januwale 1977 boma linaphatikiza makampani atatu a nthawi ya atsamunda, Nauticus, Lusitana ndi Tranquilidade de Moçambique, n'kupanga EMOSE, yomwe inatsala yokha pamsika.

Zitseko zinatseguka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Moçambique mu 1991, Zambia mu 1992. NICO sinazengereze. Mu 1996 inakhala kampani yoyamba kugulitsa masheya pamsika wa Malawi Stock Exchange, ndipo chaka chotsatira, mu 1997, inayamba malonda ku Lusaka. Mtsogoleri wake pa zaka za kukulaku anali a Felix Mlusu, omwe mu 2020 anadzakhala nduna ya zachuma ku Malawi.

N'chifukwa chiyani kampani ya inshuwaransi imalakalaka kutuluka kwawo? Ntchito yake ndi kusonkhetsa ndalama pang'onopang'ono kwa anthu ambiri kuti ikalipire ochepa omwe tsoka lawagwera. Ngati makasitomala onse ali m'dziko limodzi laling'ono, lodalira fodya ndi mvula, chaka choipa chimawakhudza onse pamodzi. Mlimi wa ku Chifunde amene ali ndi munda wakumtunda komanso dimba safunika kumufotokozera zambiri pamenepa. Zambia inali malo osavuta kuyambira: malamulo a mayiko awiriwa anachokera ku Britain, ndipo mapepala onse amalembedwa m'Chingelezi.

Koma chofunika kwambiri ndi mmene NICO inalowera. Sinangotumiza kalaliki ndi buku la malisiti kuchokera ku Blantyre. Inakhazikitsa kampani ina, NICO Insurance Zambia, yolembetsedwa ku Zambia, yokhala ndi chuma chake komweko, yoyang'aniridwa ndi bungwe la boma la Pensions and Insurance Authority. Dzina ndi limodzi, koma thumba la ndalama ndi lina, ndipo lamulo lomwe limaikakamiza kulipira ndi la ku Zambia. Ndi mmenenso zinayendera pambuyo pake ku Uganda ndi ku Tanzania, komwe dzinali linkalembedwa kuti NIKO.

Moçambique, ngakhale yazungulira Malawi mbali zitatu, inafikiridwa mochedwa. NICO Moçambique Vida inayamba mu 2012 ku Maputo, patapita zaka 15 chiyambire ku Lusaka, mogwirizana ndi Sanlam ya ku South Africa, yomwe pambuyo pake inaikapo dzina lake. Kuno zonse zinafunika kulembedwa m'Chipwitikizi ndi motsata malamulo ena. Komanso mawu oti Vida akunena zoona: inali inshuwaransi ya moyo, osati ya galimoto.

Zonsezi zikusonyeza chifukwa chake pepala logulidwa mbali ya Chanida silikhala ndi mphamvu lokha mbali ya Cassacatiza. Lamulo la Moçambique la mu 2003 limafuna kuti galimoto iliyonse yoyenda m'misewu ya dziko lino, ngakhale yakunja, ikhale ndi seguro yolipira anthu ena pakachitika ngozi. Madalaivala a ku Zambia ndi ku Malawi anazolowera Yellow Card, khadi lomwe limavomerezeka m'mayiko angapo a bungwe la COMESA. Moçambique si membala wa COMESA, ndipo khadilo limathera pamalire.

Alimi omwe amachita hayala lole yonyamula soya kapena chimanga ali ndi chinanso choti adziwe. Seguro yogulidwa pachipata imalipira munthu amene wagundidwa kapena amene katundu wake wawonongedwa ndi galimotoyo. Matumba omwe ali pamwamba pa loleyo sawerengedwa. Ikagubuduzika pamtsetse, mwini soya amalipidwa pokhapokha ngati panagulidwa inshuwaransi ina ya katundu wapaulendo, ndipo eni malole ambiri sayamba okha kuitchula nkhaniyi.

Asanakweze matumba, mlimi ali ndi ufulu wopempha kuona pepalalo ndi maso ake: dzina lonse la kampani ndi dziko lomwe inalembetsedwa, mayiko omwe pepalalo limagwira ntchito, tsiku lothera, komanso ngati nambala yolembedwapo ndi ya lole yomwe yaima pabwalopo.