Huva ikafooka, musafulumire kunena kuti mota yapsa

Anyamata otsuka galimoto m'mbali mwa misewu ya ku Biwi, Kawale, Area 23 ndi Area 25 amadziwa kuti ndalama yabwino ili mkati mwa galimoto. Kunja aliyense wokhala ndi ndowa, sopo ndi kansanza atha kutsuka. Chomwe chimamubweza kasitomala sabata yamawa ndi mipando, kapeti ndi m'buti, ndipo ntchito imeneyi imadalira makina opopa fumbi omwe ambiri amangowatchula kuti huva, dzina lochokera ku kampani ya ku America ya Hoover.

Dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri ndi lakuti huva ikulira bwinobwino koma sikukoka. Mwiniwake amaiika pakona n'kuyamba kusaka ndalama yogulira ina. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja ngati ameneyu si wogula mwachisawawa. Chomvetsa chisoni n'chakuti mahuva ambiri otayidwa chonchi alibe vuto lofuna mmisiri.

Huva imagwira ntchito ndi mpweya woyenda. Mota imazunguza fani, faniyo imakoka mpweya kudzera m'payipi, mpweyawo umasiya zinyalala m'thumba kapena m'chigubu, n'kudutsa pa fyuluta kutulukira kunja. Mpweya ukatsekeredwa pena pake, kapena ukamalowera pamalo pong'ambika, kukamwa kwa payipi sikufika mphamvu, ngakhale mota ikhale yatsopano.

Kupeza pomwe pali vuto sikufuna sipanala. Wamalonda achotse payipi yonse, ayatse makina, aike chikhatho pabowo lomwe payipiyo imalowa. Chikhatho chikamamatira mwamphamvu, mota ndi fyuluta zili bwino, vuto lili m'payipi kapena kukamwa kwake. Kukoka kukakhala kofooka pomwepo, ayang'ane thumba, fyuluta ndi labala wapachivundikiro.

Khutu nalo limathandiza. Huva yotsekeka imalira mokweza ndi mopyapyala kuposa masiku onse, chifukwa fani ikasowa mpweya wokankha imapepukidwa, mota n'kumathamanga kwambiri. Ena akamva kulira kumeneku amaganiza kuti makina awonjezera mphamvu. Ayi ndithu. M'mahuva ambiri a m'nyumba mpweya womwewo ndi umene umaziziritsa mota, choncho ukasiya kuyenda mota imatentha. Ambiri mwa makinawa ali ndi kachipangizo kozimitsa akatentha mopyola. Huva ikazima yokha pakati pa ntchito, ichotsedwe kumagetsi, chotseka chichotsedwe, ipume pafupifupi ola limodzi. Kuiyatsanso mokakamiza chotsekacho chikadali momwemo ndiye kupsereza mota zenizeni.

Payipi ndiyo imatsekeka kwambiri, ndipo amene anayeretsapo Sienta kapena minibasi yomwe yachezera kunyamula anthu sangadabwe. Pansi pa mipando pamakhala makoko a mtedza, zotsalira za nzimbe, mapepala a switi, majumbo, zitsekero za mabotolo ndi timitengo totokosera m'mano. Kamtengo kamodzi kakapingasa pokhota payipi, tsitsi ndi ulusi zimayamba kukodwa pomwepo mpaka njira kutsekeka. Poyesa, payipi iimikidwe chilili ndipo aponyemo ndalama yachitsulo. Ikapanda kutulukira pansi, muli chinthu. Chikankhidwe pang'onopang'ono ndi mtengo wa mopu, osati waya wosongoka, chifukwa waya amaboola payipi. Njira yopewera ndi yotopetsa koma ndi yaulere: kutola kaye ndi manja zinyalala zikuluzikulu, kukutumula mamati panja, kenako n'kuyatsa huva.

Payipi yong'ambika imadziwika poyendetsa dzanja m'mbali mwake makina akulira, makamaka kufupi ndi chogwirira komwe imapindika tsiku lonse. Tepi yamagetsi yokulungidwa mothina imathandiza kwa kanthawi. Ikang'ambikira kumapeto, pamitundu yambiri n'zotheka kudula mbali yowonongekayo n'kubwezeretsa chogwirira.

Kenako fyuluta. Fumbi la Lilongwe, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndi losalala ngati ufa, ndipo galimoto zoyenda m'misewu yafumbi ya ku Chinsapo kapena Mgona zimabwera nalo lochuluka. Fumbi lotere limatseka timabowo ta thumba ndi fyuluta thumbalo lisanadzaze n'komwe. N'chifukwa chake munthu amatsegula, n'kuona thumba lili theka, n'kunena kuti vuto si limeneli, chonsecho ndi lomwelo. Simenti, phulusa ndi ufa wotayikira m'buti zimatseka msanga kuposa fumbi wamba. Izi ziyambe zasesedwa ndi bulashi.

Mafyuluta sasamalidwa mofanana. Ya siponji imatsukidwa ndi madzi okha, n'kuyanikidwa mpaka iume kotheratu, osachepera maola 24. Yopindapinda yooneka ngati pepala isanyowetsedwe pokhapokha italembedwa kuti ndi yotsukika. Imeneyi imangofunika kuigogoda pang'ono panja, mphepo ikuchokera kumbuyo. Fyuluta yobwezeredwa ikadali yonyowa imasandutsa fumbi kukhala matope, imanunkhitsa galimoto ya kasitomala, ndipo chinyontho chimafika ku mota. Wochita bizinesi ya tsiku ndi tsiku ndi bwino akhale ndi ziwiri, ina ikuuma ina ikugwira ntchito.

Pali chizolowezi china chofala: fyuluta ikatha, ena amangoichotseratu. Huva imakokadi mwamphamvu tsiku limenelo, mwiniwake n'kumadziona wochenjera. Koma mchenga wonse umadutsa mu fani ndi mu mota, wina n'kubwerera m'galimoto momwemo. Mota yotere sikhalitsa, ndipo mtengo wake suyerekezeka ndi wa fyuluta.

Za madzi zimafunika kusamala kwambiri chifukwa pamalo otsukira galimoto ponse pamakhala ponyowa. Huva wamba ya m'nyumba si yopopera madzi, ngakhale kapeti yachinyezi. Yoyenera ndi yamtundu wa chigubu yolembedwa kuti wet and dry, monga zina za Kärcher kapena Ryobi. Popopa madzi thumba lapepala lichotsedwe. Mkati mwa mtundu umenewu muli kampira kapena kachitsekero koyandama komwe kamakwera n'kutseka njira madzi akadzaza. Makina akagwa chammbali, nthawi zina kamakakamira m'mwamba, huva n'kusiya kukoka mwadzidzidzi. Kuzimitsa, kukhuthula madzi ndi kukagwetsa pansi kumathetsa nkhaniyo.

Petulo asapopedwe ndi huva ya mtundu uliwonse. Mota yake imatulutsa tizithetheka ta moto ikamazungulira, ndipo nthunzi ya petulo sichedwa kuyaka. M'nyengo zosowa mafuta, pomwe anthu amayenda ndi zigubu m'buti, wotsuka ayambe wanunkhiza asanalowetse payipi. Makala ndi phulusa lotentha la pambaula nazonso ayi.

Mahuva oimirira, omwe amagwiritsidwa ntchito m'malo ogona alendo ndi m'maofesi okhala ndi kapeti, ali ndi bulashi yozungulira kunsi. Tsitsi ndi ulusi zikakulungana pamenepo zidulidwe ndi sizasi makina atachotsedwa kumagetsi. Bulashi ikapanda kuzungulira, kapena pakamveka fungo la labala wopserera, lamba watha kapena wavuka.

Zonsezi zikakhala bwino koma makina akuzimazima, akununkha kupserera kapena akuthetheka kwambiri, apo ndiye pofunika mmisiri. Kawirikawiri amakhala mabulashi a kaboni, tizidutswa tiwiri takuda tomwe timaperesedwa ndi ntchito, ofanana ndi a mu girayinda ndi dirilo. Amene amakonza zida zimenezi atha kuwasintha, ndipo asinthidwe onse awiri nthawi imodzi. Mmisiri akanena kuti mota yonse yapita, si mwano kumupempha kuti aonetse kaye mabulashiwo.

Ogula ndi kugulitsa mahuva ogwiritsidwapo kale ntchito aziwerenga kachikwangwani ka kunsi kwa makina. Magetsi a Escom ndi a 230V. Za ku UK ndi ku South Africa zimagwirizana nawo, koma za ku America za 120V ndi za ku Japan za 100V zimapsa zikangolumikizidwa. Za ku Joni zimabwera ndi pulagi ya mano obulungira. Isinthidwe ndi ya mano atatu amakona yokhala ndi fyuzi ya 13A, osati kusomeka mawaya m'soketi ndi timitengo ta machesi pamalo pomwe anthu akuponda m'madzi. Chingwe chachitali chokulunga pa wilo chitambasulidwe chonse pogwira ntchito, apo ayi chimatentha.

Kachikwangwani komweko kamaonetsa mawati. Huva ya 1,400W ikalira ola lathunthu imadya mayunitsi pafupifupi 1.4. Yotsekeka imachedwetsa ntchito, mzere wa galimoto n'kumatalika, ena n'kukhotera kwa mnzake wa patsidya. Ndipo asanapereke ndalama, wogula afunse ngati matumba ndi fyuluta za mtundu umenewo zimapezeka mu Lilongwe muno. Yokhala ndi thumba lansalu lokhuthula, kapena ya chigubu, ndi yosavuta kusamala kuposa yofuna thumba lapepala lochita kuitanitsa kunja.