Mbande Ikangowokedwa

Mlimi wa tomato amadziwa kuti mbande kawirikawiri siifera pa nazale. Pa nazale pali mthunzi wa udzu, madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo mwini wake amaisuzumira pafupipafupi. Imafota masiku oyamba ikawokedwa m'munda, dzuwa litaiwomba mizu isanagwire. Zimateronso ndi munthu amene wagonekedwa m'chipatala chifukwa cha matenda okhumudwa kwambiri, makamaka amene adali ndi maganizo odzipha.

Mu 2005, Ping Qin ndi Merete Nordentoft adaunika kaundula wa odwala a ku Denmark ndipo adapeza kuti chiopsezo chodzipha chimakwera kwambiri nthawi ziwiri: sabata yoyamba munthu atagonekedwa, ndi sabata yoyamba atatulutsidwa. Yoyambayo ndi yomveka, popeza munthu amabwera matenda atafika pachimake. Yachiwiriyo ndi imene imatipulumuka. Kafukufuku wa mu 2017 wophatikiza zotsatira za m'mayiko ambiri adasonyeza kuti m'miyezi 3 yoyamba atatuluka, odwala amadzipha mowirikiza pafupifupi ka 100 poyerekeza ndi anthu wamba padziko lonse.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Ku wodi, namwino ndiye amasunga mankhwala ndi kumupatsa wodwala pa nthawi yake, usiku wina amadzayang'ana ngati wagona. Akafika kunyumba amapeza ngongole ija ikadalipo, mkangano wa m'banja uja sudathe, kuntchito mwina adalembapo wina. Pamwamba pa izi pali manong'onong'o a pachitsime akuti uyutu wachokera ku Zomba Mental. Mankhwala nawo sachiza tsiku limodzi. Amatenga masabata angapo kuti mtima uyambe kupepuka. Achibale, atatopa ndi kudwazika, amamuona akudya nsima, akusamba yekha, n'kunena kuti wachira, aliyense n'kubwerera ku zake. Kwa ine, chikondwerero chimenechi chimabwera msanga kwambiri.

Ku England lamulo la zipatala ndi lakuti wodwala wotere aonedwenso pasanathe maola 72 atatuluka. Ku San Francisco, dokotala wina, Jerome Motto, ankangotumiza timakalata tatifupi kwa odwala amene adakana kupitiriza chithandizo, kuwauza kuti akuwakumbukira, osawapempha kanthu. M'zaka 2 zoyambirira, odzipha adachepa pakati pa olandira makalatawo. Kalata chabe! Ndiye kuli bwanji mlongo wobwera kudzagona m'nyumbamo, kapena mnzake woimba foni madzulo alionse?

Za pakhomo n'zotheka ngakhale chipatala chili kutali. Mankhwala ake asungidwe ndi wachibale mmodzi wodalirika, azimupatsa a tsikulo okha. Mankhwala a mbewu ndi a makoswe achotsedwe m'nyumba, akasungidwe kwa ena. Akasowa tulo, akayamba kugawa katundu wake, kapena akamalankhula ngati akutsanzika, musati ndi nthabwala.

Ndipo mufunseni mosapita m'mbali: "Achimwene, kodi maganizo odzipha aja akumabweranso?" Ambiri timaopa kuti funso lotere limuyikira maganizowo m'mutu, koma ofufuza adapeza kuti kufunsa sikuwonjezera chiopsezo. Akayankha kuti inde, musamusiye yekha, ndipo bwererani naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku limene adalemberedwa m'buku lake la kuchipatala.