South Kensington: Kokacheza ndi Ana Osaboola M'thumba

Anthu ambiri akamva za South Kensington, dera la kumadzulo kwa mzinda wa London, amaganiza za nyumba zoyera zamizati pakhomo, maofesi a akazembe ndi lendi yoti munthu wamba sangaiyandikire. N'zoona ndithu. Koma m'dera lomweli banja lingathe kutha tsiku lonse likuona zodabwitsa popanda kulipira polowa, chifukwa kuyambira mu 2001 nyumba zikuluzikulu za boma zosungiramo zinthu zakale anthu amalowamo ulere. Zolipira ndi zionetsero zapadera zokha.

Zonsezi zinayamba ndi chionetsero chachikulu cha mu 1851 chomwe chinachitikira mu Hyde Park motsogozedwa ndi Prince Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria. Phindu lake anagulira malo, ndipo lero mu msewu umodzi, Exhibition Road, muli Natural History Museum, Science Museum ndi Victoria and Albert Museum. Mukatsika sitima ya pansi pa nthaka pa siteshoni ya South Kensington, pali njira yapansi ya oyenda pamapazi yokufikitsani komweko, mvula isanakunyowetseni.

Ana amathamangira ku Natural History Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1881. Mukangolowa, pamwamba pa mitu yanu palendewera mafupa a namgumi wotalika mamita 25, yemwe anafera m'mbali mwa nyanja ku Ireland mu 1891. Mwana amene anangomva m'kalasi la Sukulu ya Sabata za zinsomba zazikulu zolengedwa pa tsiku lachisanu amangoti kukamwa yasa. Koma makolo, pitani mutakonzeka. Pamakwerero a holo yomweyo pakhala chiboliboli cha Charles Darwin, ndipo zolembedwa pafupi ndi mafupa a madainaso zimanena za zaka mamiliyoni ambirimbiri. Mwana wodziwa kuwerenga adzafunsa. Kumukoka dzanja kuti mudutsepo msanga si nzeru, chifukwa zomwezo akazipeza kusukulu Lolemba, inu kulibe. Ndi bwino kuima naye pomwepo, kumuthandiza kusiyanitsa fupa lomwe akuliona ndi maso ndi nkhani yomwe anthu afotokoza za fupalo, kenako n'kumuuza chimene inu mumakhulupirira ndi chifukwa chake. Ndipotu Richard Owen, katswiri amene analimbikira kuti nyumbayi imangidwe, yemwenso anayambitsa dzina loti dainaso, sankagwirizana ndi maganizo a Darwin.

Ku Science Museum kuli chombo cha Apollo 10 chomwe chinazungulira mwezi mu 1969. Ku Victoria and Albert, ngati nthawi yachepa, funsani chipinda cha zojambula za Raphael: zithunzi zikuluzikulu zisanu ndi ziwiri za ntchito za Petro ndi Paulo, zojambulidwa zaka zoposa 500 zapitazo. Ana ayese kutchula nkhani iliyonse musanawawerengere.

Mukakwera ndi msewuwo mpaka kumapeto, pakhoma la Royal Geographical Society paima chiboliboli cha David Livingstone, amene anafika pa Nyanja ya Malawi mu 1859. Anthu amangodutsa osachiyang'ana. Mmalawi aime pang'ono.

Kuwoloka msewu, mwalowa mu Kensington Gardens, yolumikizana ndi Hyde Park: maekala oposa 600 a kapinga, mitengo ndi nyanja yaing'ono ya Serpentine yodzaza abakha ndi atsekwe. Kwa ine, uku ndiye kwa Sabata masana. M'nyumba zija mumakhala piringupiringu ndi mashopu okopa ana, choncho zisiyireni Lamlungu kapena tchuthi cha sukulu. Kupaki kuli mpweya, bata ndi mtunda woti miyendo iwongoke, zomwe banja lopanikizika m'kanyumba kosanja, makolo akusinthana mashifiti, limasowa sabata yonse.

Chenjezo limodzi: dzuwa la ku Britain kuyambira October mpaka March n'lofooka moti thupi silipanga vitamini D wokwanira, ndipo a zaumoyo kumeneko amalangiza anthu akhungu lakuda kuganizira zomwa vitaminiyu chaka chonse. Mu December limalowa nthawi isanakwane 4 koloko, kotero nyamukani mukangoweruka kutchalitchi. Tengani madzi, zipatso ndi kamba wokonzeratu Lachisanu, ndipo ana avale nsapato zomwe sangalire nazo zikadetsedwa ndi matope.