Kakapu ka Msambo: Thandizo kwa Amayi Otaya Magazi Ambiri

Alipo amayi ambiri, m'tauni ndi m'mudzi momwe, amene mwezi ndi mwezi amakhala masiku aŵiri kapena atatu osachoka pakhomo. Kumsika sapita, kuchigayo amatuma mwana, ndipo akalimba mtima kupita kumaliro kapena kumapemphero amakhala kumbuyo atavala zitenje ziŵiri, nayamba ayang'ana pamene anakhala asanaimirire. Usiku amadzuka kaŵiri kapena katatu kukasintha nyanda, kuopa kudetsa mphasa ndi zofunda. Vuto la amayi otere ndi lakuti akakhala kumwezi amataya magazi ambiri. Popeza nkhani zotere sitikamba pagulu, ambiri amangopirira, namati ndi mmene adabadwira.

Lero pa tsamba lathu lino tikambirana za kachipangizo kamene kathandiza amayi otere m'maiko ambiri, ndiko kakapu ka msambo. Tiona zimene kakapuko kangakuchitireni, ndiponso zimene sikangathe kuchita.

Magazi ochuluka ndi otani?

Madokotala amati amayi ambiri amataya magazi okwana mamililita 30 kapena 40 pa msambo wonse, ndiye kuti masupuni a tiyi 6 kapena 8. Magazi akapitirira mamililita 80, omwe ndi masupuni 16, amati achuluka. Koma ndani wa ife adayesapo magazi ake ndi supuni? Tsono pali zizindikiro zina zimene mayi aliyense angaone yekha. Ngati padi kapena nyanda ikudzaza pa ola limodzi kapena maola aŵiri, ngati msambo ukupitirira masiku 7, ngati mukutuluka magazi oundana aakulu kuposa ndalama yachitsulo, kapena ngati simugona usiku wonse osadzuka kukasintha, dziŵani kuti mukutaya magazi oposa muyeso.

Choopsa chake si zitenje zothimbirira zokha ayi. Mayi wotaya magazi ambiri mwezi uliwonse amayamba kuchepa magazi m'thupi. Amamva chizungulire, mtima umagunda kwambiri akasenza ndowa pochokera kumjigo, m'zikope ndi m'manja mumayera, ndipo ena amalakalaka kudya dothi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Malaŵi wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, amayi 33 anali ochepa magazi. Zochititsa kuchepa magazi n'zambiri, monga malungo, njoka za m'mimba, kubereka pafupipafupi ndi zakudya zosakwanira, koma msambo wochuluka uli m'gulu lomwelo.

Kakapuko n'kotani?

Ndi kachikho kakang'ono kofewa, kooneka ngati belu, kokhala ndi kamchira kunsi kwake. Tambiri timapangidwa ndi mphira wa kuchipatala wotchedwa silikoni. Mayi amakapinda ndi kukaloŵetsa m'njira ya abambo, ndipo m'katimo kamafunyululuka n'kukhala m'munsi mwa khomo la chiberekero, kumalandira magazi. Padi ndi nyanda zimamwa magazi atatuluka kale, pamene kakapu kamawasunga asanafike kunja. Kakadzaza mumakatulutsa, kutaya magaziwo, kukatsuka ndi kukabwezera.

Ena amayesa kuti n'chinthu chachilendo cha masiku ano, koma sichoncho. Mayi wina wa ku America wochita zisudzo, Leona Chalmers, adalembetsa kakapu kake ka mphira mu 1937. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itabuka mphira adasoŵa, ndipo malonda ake adaima. Mu 1987 kudatuluka kena kotchedwa The Keeper ku America komweko, ndipo mu 2002 ku Britain adayamba kugulitsa ka silikoni kotchedwa Mooncup.

Mu 2019 magazini ya madokotala ya The Lancet Public Health idasindikiza ntchito ya akatswiri a ku Liverpool School of Tropical Medicine ndi anzawo, amene adasanthula kafukufuku wosiyanasiyana 43 wokhudza amayi ndi atsikana oposa 3,300 a m'maiko olemera ndi osauka. Adapeza kuti kakapu sikadontha kuposa mapadi, kuti sikaonjezera matenda a kumaliseche, ndiponso kuti pafupifupi amayi 7 mwa 10 alionse amene adakazoloŵera adafuna kupitiriza. Wina mwa kafukufukuyo adachitikira m'sukulu za kumidzi ku Siaya, kumadzulo kwa Kenya, kumene madzi amatunga kutali monga kwathu kuno.

Phindu lake kwa wotaya magazi ambiri

Choyamba ndi kukula kwake. Timakapu timasiyana misinkhu, ndipo tatikulu timasunga mamililita 30 kapena kuposerapo. Mayi amene ankasintha ola lililonse angathe kukhala maola angapo ali kumunda, kuofesi kapena m'basi popanda nkhaŵa. Pa tsiku loyamba ndi lachiŵiri n'kwanzeru kuvalanso padi kapena kansalu kopyapyala, kuti kakapu kakasefukira chovala chisade.

Chachiŵiri ndi ndalama. Ngakhale kuti mu 2022 boma lidachotsa msonkho wina pa mapadi, mtengo wake ukadali katundu wolemera pa banja. Mayi wogwiritsa ntchito mapadi 20 pa mwezi amagula 240 pa chaka. Kakapu kamadula kuposa paketi ya mapadi pa tsiku logula, koma kosamalidwa bwino kangakhale mpaka zaka 10.

Chachitatu ndi ntchito ndi ulemu. Tonse tikudziŵa vuto la kuchapa nyanda mobisa ndi kuziyanika kuseri kwa bedi kumene dzuŵa silifika, makamaka m'nyengo ya dzinja. Nsalu yovala isanaumitsitse imanyula m'mphechepeche ndipo imanunkha. Wa m'tauni naye amasoŵa kotaya mapadi. Kakapu kamafuna madzi ochepa okha, ndipo palibe choyanika.

Chachinayi, chimene chiposa zonse, n'chakuti kakapu ndi muyeso. Tambiri tili ndi timizere tosonyeza mamililita. Mayi amatha kuona ndi maso ake kuchuluka kwa zimene akutaya, ndipo akapita kuchipatala amakanena chinthu chomveka.

Kagwiritsidwe kake

Musanayambe kukagwiritsa ntchito, ndiponso msambo uliwonse ukatha, kaŵiritseni m'madzi kwa mphindi 5 kufikira 10. Khalani ndi kapoto kapena kachitini kake kapadera, ndipo madzi akhale okwanira kuti kasapserere pansi.

Sambani m'manja ndi sopo. Pindani kakapuko paŵiri, mukhale chonjuta kapena muike mwendo umodzi pamwamba, ndipo mukaloŵetse pang'onopang'ono molozetsa kumsana. Kukanyoŵetsa ndi madzi oyera kumathandiza. Kakaloŵa, zungulizani chala m'mbali mwake kuti mumve ngati kafunyululuka konse, pakuti kakatsala kopindika kamadontha. Kakakhala bwino simukamva n'komwe. Ngati kamchira kakukulasani, katulutseni ndi kudulako pang'ono.

Potulutsa musakoke kamchira mwamphamvu. Finyani tsinde la kakapu kuti mpweya uloŵe ndipo kaleke kumamatira, kenaka mukatsitse mosamala kali chiimire. Pa masiku a magazi ambiri yang'anani pakapita maola atatu kapena anayi kufikira mutadziŵa mmene thupi lanu lichitira. Pa masiku ena onse kasapitirire maola 12 kali m'thupi, ngakhale kasanadzaze.

A ku chimbudzi chokumba chenjerani: manja amaterera, ndipo kakapu kakagwera m'dzenje ndiye kapita. Katulutsireni pambali pa dzenje kapena kubafa, n'kukathira magaziwo m'chimbudzi. Pa ulendo tengani kabotolo ka madzi akumwa otsukira. Msambo ukatha, kaumitseni ndi kukasunga m'kathumba kansalu, osati m'jumbo, pamalo posafika ana ndi makoswe. Kakapu sabwerekana, ngakhale ndi mng'ono wanu wa bere limodzi.

Mwezi woyamba ambiri amavutika nako, ena amafuna kukataya. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kaŵirikaŵiri pamapita miyezi iŵiri kapena itatu kuti manja azoloŵere, ndipo amene ali ndi mnzawo wowalangiza amaphunzira msanga.

Mantha amene amayi amakhala nawo

Ena amaopa kuti kangasochere m'mimba. Sikangatero, chifukwa khomo la chiberekero ndi laling'ono kwambiri moti kakapu sikangapyole. Kakakwera m'mwamba, khalani chonjuta, pumani bwino ndi kukankha pang'ono monga pochita chimbudzi, ndipo katsika. Ena amafunsa za kukodza. Njira ya mkodzo ndi ina, motero palibe chifukwa chokatulutsira. Enanso amada nkhaŵa kuti bambo a kunyumba adzadandaula kuti njira yakula. Minofu ya pamenepo imatanuka ndi kubwerera mwakale, ndipo kakapu kofewa sikaisintha. Ndi bwino kuwaonetsa bambowo ndi kuwafotokozera, kuti asadzakapeze m'sutikesi n'kuyamba kuganiza za mankhwala. Dziŵaninso kuti kakapu si njira yolera, ndipo sikayenera kukhala m'thupi pamene mukukhala malo amodzi ndi bambo.

Pali amene ayenera kufunsa kaye anamwino. Amene mudaikidwa lupu, kakapu kokokedwa mosasamala kangathe kusuntha lupuyo. Amene mwangochira kumene, kapena mwangopita padera, dikirani kufikira a chipatala atakulolani. Ndipo ngati muli ndi kakapu m'thupi n'kuyamba mwadzidzidzi kutentha thupi kwambiri, kusanza, chizungulire kapena zidzolo, katulutseni msanga ndi kuthamangira kuchipatala. Matenda otere ndi osoŵa kwambiri, koma ndi oopsa.

Kakapu sikachiza

Apa mpamene pagona nkhani. Kakapu kamasunga magazi, koma sikawachepetsa. Mayi angasangalale kuti zitenje zaleka kuda, pamene thupi likunka lifookerafookera. Magazi ochuluka amakhala ndi gwero lake. Mwina ndi zotupa za m'chiberekero, zimene zimapezeka kaŵirikaŵiri mwa amayi akuda a zaka za m'ma 30 ndi 40. Mwina ndi lupu wa kopa kapena njira ina yolera, mwina ndi kusintha kwa thupi pamene mayi akuyandikira kuleka kusamba, ndipo ena magazi awo sachedwa kutuluka koma amachedwa kuundana chibadwire.

Thandizo lilipo. A chipatala amayesa kuchuluka kwa magazi ndi kupereka mapiritsi a ayironi. Alipo mankhwala ochepetsa msambo, monga tranexamic acid, mapiritsi olera, ndi lupu wa mahomoni, ndipo zotupa zikakula amachita opareshoni. Kunyumba dyani bonongwe, chisoso, khwanya, nyemba, usipa ndi chiŵindi, pamodzi ndi zipatso monga malalanje, magwafa ndi malambe. Tiyi musamwere pa chakudya, chifukwa amalepheretsa thupi kulandira ayironi.

Magazi otuluka pakati pa mwezi, otuluka mukakhala malo amodzi ndi bambo, kapena obwerera mutaleka kale kusamba, amenewo si a kakapu. Pitani mukayezetse khomo la chiberekero, pakuti Malaŵi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero yafala koposa pa dziko lonse, ndipo ikapezeka msanga imachizika.

Tsono amayi anzanga, mukapeza kakapu pezaninso kakope ndi pensulo. Lembani tsiku loyamba ndi lomaliza la msambo, nthaŵi imene mwatulutsa kakapu, ndi pamene magazi anafika. Zimene zili m'kakapu si magazi okhaokha, mumakhalanso madzi ena a m'chiberekero, choncho kuŵerengera kwake asiyireni anamwino. Pakatha miyezi iŵiri tengani kakopeko pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Amene muli ndi chizungulire kale musadikire miyezi iŵiriyo, pitani sabata lomwe lino. Safunsa adadya phula.