Malinga Ofulatira Nyanja

Linga loteteza doko timayembekezera kuti mizinga yake iloze kunyanja. Koma pa phiri la Portsdown, kumpoto kwa mzinda wa Portsmouth ku England, malinga monga Fort Nelson ndi Fort Widley anafulatira nyanja n'kuyang'ana kumtunda. Kodi amisiri ake anasokonekera mutu? Iyayi.

Mu 1859, m'masiku a Mfumukazi Victoria, dziko la France linatsitsira m'madzi La Gloire, sitima yankhondo yokutidwa ndi zitsulo. Angerezi anagwidwa mantha kuti mfumu Napoleon III iwathira nkhondo. Nduna yaikulu, Lord Palmerston, inaumirira kuti madoko a sitima zankhondo atetezedwe, ngakhale kuti nduna ya zachuma, William Gladstone, inkadandaula ndi kuchuluka kwa ndalama zake.

Chinavutitsa kwambiri ndi mizinga yatsopano. Inali ndi mizere yopotana m'kati, kotero chipolopolo chinkatuluka chikuzungulira n'kukagwa kutali ndithu. Choncho mdani sakanavutikira kulowa padoko. Akanangotsikira pagombe lina, kuzembera kumbuyo, kukwera Portsdown, n'kumaphulitsa sitima zili m'munsimo. Malingawo anamangidwa kuti atseke njira imeneyi.

Mamangidwe ake ndiwo amandisangalatsa. Nyumba zachifumu zakale zinali ndi nsanja zazitali, koma malinga awa anabisala m'nthaka. Zipupa zanjerwa anazikwirira ndi dothi lambiri, popeza dothi limameza chipolopolo pomwe njerwa zimangosweka. Kuzungulira linga anakumba chingalande chakuya chopanda madzi. M'ngalandemo anamangamo tinyumba tolimba ta zibowo, totchedwa caponier, momwe asilikali akanawombera aliyense wotsikiramo. Wonga ankausunga pansi pa nthaka, ndipo ankafikako kudzera m'njira zokumba m'phiri.

Kunyanjanso sanakuiwale. M'madzi a Solent anamangamo malinga ozungulira a miyala ndi zitsulo, monga Spitbank ndi Horse Sand.

Palmerston anamwalira mu 1865 ntchito isanathe. Mu 1870 Napoleon III anagonja kwa asilikali a Prussia, ndipo mdani woopedwayo sanabwere n'komwe. Anthu anawatcha malingawo "Palmerston's Follies", kutanthauza zopusa za Palmerston. Ine ndimakayika ngati dzinalo ndi lachilungamo, pakuti mlonda sitim'nena wopusa chifukwa chakuti mbala sinabwere usiku umenewo. Lero Fort Nelson ndi nyumba yosungiramo mizinga yakale, ndipo alendo amayenda m'njira zake zapansi zija.