Tizinthu tochokera mlengalenga tomwe anakatipeza pansi pa mgodi wa golide ku Joni

Mphindi iliyonse, usana ndi usiku, m'matupi mwathumu mumadutsa tizinthu tating'onoting'ono tochokera kutali mlengalenga. Asayansi amatitcha cosmic rays. Tambiri ndi tizidutswa ta maatomu tothamanga pafupifupi ngati kuwala, ndipo tina timachokera ku nyenyezi zomwe zinaphulika kalekale. Tikagunda mpweya wozungulira dziko timabala tina, monga totchedwa muon, ndipo timeneti ndi tomwe timafika pansi pano. Mukatambasula chikhatho, pafupifupi muon mmodzi amadutsapo pa sekondi iliyonse.

Munthu yemwe anatsimikiza kuti tizinthuti timachokera kumwamba ndi Victor Hess wa ku Austria. Mu 1912 anakwera ndi chibaluni mpaka mamita oposa 5,000, napeza kuti akamakwera mphamvuyi imachuluka. Mu 1936 analandira mphoto ya Nobel. Izi zikutanthauza kuti abale athu a ku Chitipa, okhala pamalo okwera mamita oposa 1,000 kufupi ndi mapiri a Misuku ndi Mafinga, amalandira tizinthuti tochulukirapo pang'ono kuposa ife a m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota, chifukwa mpweya wowaphimba ndi wochepa. Palibe choopsa pamenepa. Anthu akhala nato chilengedwere.

Nkhani yomwe ikutikhudza kwambiri inachitikira ku Boksburg, kufupi ndi Johannesburg, m'zaka zomwe agogo athu ambiri ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Kumeneko kunali katswiri wa fizikisi, Friedel Sellschop, yemwe anabadwa mu 1930 ku Lüderitz, m'dziko lomwe lero ndi Namibia. Anaphunzira ku Cambridge, kenako anagwira ntchito pa yunivesite ya Witwatersrand zaka zambiri. Iye anagwirizana ndi Frederick Reines wa ku America kuti asake kanthu kovuta kwambiri kukagwira, kotchedwa neutrino. Kameneka kamabadwanso cosmic rays ikagunda mpweya, koma kamatha kuboola dziko lonse lapansi osakhudza kanthu.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu wofufuza za kumwamba atsikire pansi pa nthaka? Pamtunda pano ma muon ndi ochuluka kwambiri, moti amasokoneza makina. Zili ngati kufuna kumva mwana akunong'ona pakati pa msika. Thanthwe lochindikala limatsekereza ma muon ambiri, koma neutrino imadutsa. Choncho iwo anaika makina awo mu mgodi wa East Rand Proprietary Mines, makilomita oposa 3 pansi, m'malo otentha kwambiri. Ankayang'anira makamaka ma muon obwera cham'mbali, popeza muon wochokera mlengalenga sangaboole thanthwe lalitali chotero. Wotero ayenera kuti wabadwira m'thanthwe momwemo, neutrino itagunda atomu. Chizindikiro choyamba anachiona pa 23 February 1965. Chaka chomwecho gulu lina linapeza zofanana mu mgodi wa Kolar ku India. Reines analandira Nobel mu 1995 chifukwa cha ntchito yake yoyambirira pa neutrino, ndipo Sellschop, yemwe anatchukanso pofufuza za miyala ya dayamondi, anamwalira mu 2002.

Tisaiwale kuti ngalande zomwe asayansiwa anagwiritsa ntchito zinakumbidwa ndi manja a anthu akuda ogwira ntchito m'migodi, omwe mayina awo sapezeka m'mabuku a sayansi.

Lero ntchitoyi ikupitirira kuno kummwera kwa Africa. Ku Namibia kuli makina a H.E.S.S., omwe anayamba ntchito mu 2002, ndipo mayunivesite a ku South Africa amatengako mbali. Makolo ena amafunsa ngati maphunziro otere ali ndi ntchito. Njira yake imayambira pa masamu ndi fizikisi ku sekondale, kenako digiri ya sayansi monga ya ku yunivesite ya Malawi ku Zomba, ndipo ofuna kupitiriza amafunsira thandizo la maphunziro kunja. Ambiri mwa omwe amadutsa njirayi amakathera m'ntchito za makompyuta, za makina a m'zipatala ndi zauphunzitsi, ndipo owerengeka okha ndi omwe amatsala pa kafukufuku.