Agalu, Akavalo ndi Mbawala za ku Exmoor

Kumwera chakumadzulo kwa England, komwe Devon imachitira malire ndi Somerset, kuli dera lazitunda lotchedwa Exmoor. Pamwamba pa zitundazo ndi poyera, pali udzu ndi tizitsamba tatifupi basi, koma m'zigwa momwe mwadutsa mitsinje ya Exe ndi Barle muli nkhalango zowirira. M'menemo ndi mogona mwa mbawala yofiira, nyama yakutchire yaikulu kuposa zonse zoyenda pamtunda ku Britain. Si mbawala yathu ija. Yamphongo imatha kulemera makilogalamu oposa 150, ndipo nyanga zake zimachita nthambi, zimagwa chaka ndi chaka n'kuphukanso zina. M'derali zilipo pafupifupi 3,000. Anthu akumeneko akhala akuzisaka ndi agalu, iwo ali pa akavalo, kwa zaka mazana ambiri, ndipo mwambo umenewu unafika pogawa dziko lonse pawiri mpaka kukalowa m'Nyumba ya Malamulo.

Kusaka kotereku kunayamba ngati masewera a mafumu. William wa ku Normandy atalanda England mu 1066 anapatula madera akuluakulu kuti akhale osakamo iye yekha ndi nduna zake, ndipo New Forest, yomwe anaikhazikitsa cha m'ma 1079, ndi yotchuka mwa onsewo. Exmoor nayo inali nkhalango yachifumu. Munthu wamba akapha mbawala ya mfumu ankatha kukolowoledwa maso. Ngakhale galu wake sankapulumuka: agalu akuluakulu a anthu okhala m'nkhalangozi ankadulidwa zala zitatu za phazi lakutsogolo kuti asamathe kuthamangitsa nyama. Chilango cha imfa ndi chodula ziwalo chifukwa cha mbawala chinathetsedwa mu 1217. Koma fungo laufumu silinachoke pa masewerawa, ndipo ndi limodzi mwa zifukwa zomwe mkangano wake umakhalira wowawa chonchi. Ambiri akamatsutsa alenje okwera akavalo amakhala akutsutsanso mabwana eni malo.

Mbiri yomwe alenje a ku Exmoor amaikonda kwambiri ndi ya pakati pa 1825 ndi 1855. Mu 1825 gulu la agalu lomwe linkasaka kumeneko linagulitsidwa, ndipo kwa zaka 30 kusaka kunkachitika mwa apo ndi apo. Munthu angayembekezere kuti mbawala zinapuma n'kuswana. Zinachitika ndi zosiyana. Popanda wozilondera, opha nyama mobisa anazipulula, nawonso alimi anaziombera chifukwa zinkawadyera mbewu, mpaka zinatsala makumi owerengeka. Mu 1855 Mordaunt Fenwick Bisset anatenga utsogoleri wa gulu lomwe mpaka lero likutchedwa Devon and Somerset Staghounds, ndipo anakhala pampandowo mpaka 1881. Iye analimbana ndi opha mobisa n'kukopa alimi kuti azizisiya mbawala. Gululo linayamba kupepesa ndi ndalama mlimi amene munda wake waonongedwa, ndipo nyama ikaphedwa inkagawidwa kwa alimi omwe mbawalayo inkadya m'minda mwawo. Chiwerengero chinakweranso.

Nkhani imeneyi tisaipeputse. Mbawala imodzi imadya msipu womwe ukanakhutitsa nkhosa zingapo, imagumula mipanda, imaononga tirigu ndi mitengo yaing'ono. Mlimi amene akuilekerera akulipira mtengo, ndipo salipira mwaulere. Chomwe Bisset anachita n'kusandutsa mbawala kukhala chuma cha dera lonse, chinthu chomwe munthu akachiombera payekha usiku anzake amamuyang'ana ndi diso loipa. Mwa zifukwa zonse zomwe alenje amapereka, ichi ndicho cholemera. Zakuti makolo athu ankatero ndi zopepuka, pakuti makolo omwewo ankadulanso agalu zala.

Tsiku losaka limayamba dzulo lake. Pali munthu mmodzi, katswiri wolondola mapazi, amene ntchito yake ndi kusankha nyama yoti isakidwe. Amazungulira madzulo, n'kulawiranso mbandakucha, kuyang'ana ziboda zomwe zadinda m'matope. Kukula kwa chiboda, kutha kwa nsonga zake ndi kutalikirana kwa mapazi zimamuuza ngati yadutsapo ndi yamphongo kapena yaikazi, yaing'ono kapena nkhalamba. Akatsimikiza kuti yalowa m'nkhalango yakuti ndipo sinatulukemo, amakauza mkulu wa gulu. Lamulo la 2004 loletsa kusaka ndi gulu la agalu lisanabwere, chotsatira chinali kulowetsa m'nkhalangomo agalu ochepa okhwima pa ntchito kuti aidzutse ndi kuipatula kwa zinzake. Apa pankatha nthawi, chifukwa yamphongo yokalamba ndi yochenjera: imatha kukadzutsa yaing'ono pomwe yagona n'kugonapo iyo, kuti agalu atsate mnzakeyo. Ikatulukira poyera, agalu oyamba aja ankaimitsidwa, nyamayo n'kupatsidwa mpata woti itsogole. Kenako ankamasula gulu lonse, lipenga n'kulira, okwera akavalo n'kutsata, ena ambiri akuonerera pa galimoto m'misewu ya m'zitunda.

Amene anakulira kumudzi kwathu kuno asaganize za uzimba. Pa uzimba anthu amafuna ndiwo, ndipo galu amene wagwira gwape asanapite patali ndiye galu wabwino. Ku Exmoor nyama ikagwidwa msanga, tsikulo laonongeka. Agalu ake sathamanga kuposa mbawala. Mphamvu yawo ili m'mphuno ndi m'kusatopa. Mbawala imathamanga n'kuwasiya kutali, imaima kapena kugona, agalu aja n'kufikanso akuuwa, iyo n'kudzukanso. Imadutsa pakati pa nkhosa kuti fungo lisokonezeke, imayenda m'madzi kuti fungo litayike. Pafupifupi theka la zosakidwa zinkapulumuka. Zotsalazo, miyendo ikakana, zinkaima, kawirikawiri mumtsinje, n'kutembenuka kuyang'anana ndi agalu nyanga zili patsogolo. Agalu amaphunzitsidwa kuizinga ndi kuuwa, osailuma, mpaka munthu wamfuti afike pafupi n'kuiombera m'mutu. Kalelo ankagwiritsa ntchito mpeni.

Kusakaku kuli ndi nyengo zake. Zamphongo zikuluzikulu zimasakidwa kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, zazikazi kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, zamphongo zazing'ono m'Malichi ndi m'Epulo. Nyengo ya zazikazi ndi yomwe alenje sakonda kuikamba. M'miyezi yozizirayo zambiri zimakhala ndi bere, ndipo zina zimakhala zikutsatidwa ndi mwana wobadwa m'Juni, amene satha kupirira liwiro la mayi wake.

Otsutsa analipo kuyambira kale. Choyamba kugwa chinali mtundu wina wa kusaka womwe ngakhale alenje ena ankachita nawo manyazi: mbawala yoweta inkanyamulidwa pangolo, kumasulidwa, kuthamangitsidwa, kenako kugwidwa yamoyo kuti idzathamangitsidwenso tsiku lina. Agalu a banja lachifumu omwe ankachita zimenezi anathetsedwa mu 1901. Mu 1924 kunabadwa bungwe lomwe lero ndi League Against Cruel Sports, ndipo pambuyo pake linagula malo ku Exmoor, monga Baronsdown pafupi ndi Dulverton, oti mbawala zizithawirako. Koma kwa zaka zonsezi mkangano unali wa mawu okhaokha. Wina ankati nyamayo ikuzunzika, wina ankati kuthamangitsidwa ndi chibadwa chake poti makolo ake ankathawa mimbulu. Panalibe amene anali atayang'ana m'thupi mwa mbawalayo.

Amene anachita zimenezo ndi Patrick Bateson, pulofesa wa khalidwe la nyama pa yunivesite ya Cambridge, pamodzi ndi Elizabeth Bradshaw. Anatumidwa ndi National Trust, bungwe losunga malo lomwe lili ndi minda ndi nkhalango zambiri ku Exmoor ndi kumapiri a Quantock, ndipo mamembala ake anali atagawanika pa nkhaniyi. Ofufuzawo anatenga magazi ndi minofu ya mbawala 64 zophedwa zitathamangitsidwa ndi agalu, n'kuyerekeza ndi za mbawala 50 zoomberedwa zili phee. Anapeza kuti kuthamangitsako kunkatenga pafupifupi maola atatu, pa mtunda wa makilomita 19 tikatengera pakatikati. M'thupi mwa nyama zothamangitsidwa, shuga wosungidwa m'minofu yemwe ndiye nkhuni za liwiro anali atatheratu. Minofu inali itayamba kuonongeka, maselo ofiira a magazi anali akusweka, ndipo cortisol, timadzi tomwe thupi limatulutsa likapanikizika, tinali titakwera kwambiri. Zina mwa zizindikirozi zinkayamba kuoneka nyama isanapite n'komwe patali.

Pa za mimbulu, yankho la Bateson linali lakuti mmbulu suthamangitsa mbawala maola atatu. Umaibisalira kapena kuithamangira pang'ono, ukalephera umaisiya. Mbawala yofiira ndi nyama yokhala dera limodzi, thupi lake linapangidwira kuthawa mwamphamvu kwa kanthawi kochepa n'kukabisala. Gulu la agalu losinthanasinthana kutsogolo, lotsogozedwa ndi anthu odziwa dera amene amalibwezera pa fungo likataya, si chinthu chomwe chilengedwe chinaikonzekeretsa. Lipotilo linatuluka mu Epulo 1997, ndipo m'mawa mwake akuluakulu a National Trust analetsa kusaka mbawala ndi agalu pa malo awo onse.

Alenje sanangokhala. Panachitika kafukufuku wina wotsogozedwa ndi Roger Harris, amene anapeza manambala ofanana ndithu koma anawamasulira mosiyana. Iye anati kusintha kwa m'magazi ndi m'minofu sikusiyana kwenikweni ndi kwa kavalo kapena munthu amene wathamanga mpikisano wautali, ndipo nyamayo imavutika makamaka chakumapeto, mphamvu zikatha. Mfundoyi ili ndi pobowoka poonekeratu. Wothamanga mpikisano akatopa amaima, ndipo amadziwa kuti omutsatirawo sadzamudya. Komabe Harris anathandiza kuchepetsa mkangano, pakuti tsopano mbali zonse zinavomereza kuti kuzunzika kulipo. Chotsala chinali kutsutsana kuti kumayamba pa mphindi iti.

Alenje anali ndi funso lawonso, ndipo ndi lachilungamo. Ku England kulibenso mimbulu, choncho mbawala zikapanda kuchepetsedwa zimadya nkhalango mpaka mitengo yatsopano kuleka kumera. Wina ayenera kuzipha. Kodi mfuti ya munthu wobisalira ndi yachifundo nthawi zonse? Chipolopolo chikaphonya pofunika, nyama imathawa ndi chibwano chothyoka kapena bala la m'mimba n'kukafa patapita masiku. Nyama yomwe yaima pamaso pa agalu imaomberedwa pafupi, ndipo siithawa yovulala kawirikawiri. Magulu a agalu ankaitanidwanso, usana kapena usiku, kukalondola mbawala zogundidwa ndi galimoto kuti azimalize.

Boma linapereka nkhani yonse ya kusaka ndi agalu kwa komiti ya Lord Burns, yomwe inatulutsa lipoti lake mu Juni 2000. Komitiyo sinafunsidwe kunena ngati kusakaku kuletsedwe, koma inaika poyera nambala yomwe inafooketsa alenje. Magulu atatu a agalu, la Devon ndi Somerset, la Quantock ndi la Tiverton, ankapha mbawala pafupifupi 160 pa chaka, zomwe zinali ngati 15 pa 100 iliyonse ya zofunika kuchotsedwa m'deralo. Zotsalazo zinkagwa kale ndi mfuti. Ndiye kuti agalu sanali njira yaikulu yochepetsera mbawala. Komitiyo inaona kuti kubisalira ndi mfuti, kukachitika mwaluso ndipo pali galu wolondola nyama yovulala, n'kwabwinopo kwa mbawalayo. Koma inachenjezanso za nkhani ya Bisset ija, kuti kusaka kukatha popanda dongosolo lina, alimi angasiye kuzilekerera.

Ine ndikuona kuti apa ndi pomwe pagona nkhani. Imfa ya mbawala palibe mbali yomwe ikuikana. Ntchito ya agalu polondola nyama yovulala palibenso woitsutsa. Chotsutsidwa ndi maola atatu aja, ndipo maolawo sangachotsedwe mwambo n'kutsala, chifukwa ndiwo amene okwera akavalo amabwerera. Ubwino womwe mwambowu unabweretsa kwa mbawala zonse za ku Exmoor unkalipiridwa ndi mbawala imodzi pa tsiku losaka, ndipo malipirowo ankatalikitsidwa dala kuti anthu asangalale.

Ndale zake zinali zaphokoso. Pa 22 Seputembala 2002 anthu pafupifupi 400,000 anaguba mu London kuteteza kusaka ndi moyo wakumidzi, ngakhale ambiri mwa iwo nkhawa yawo inali pa kusaka nkhandwe. Aphungu anakambirana kwa maola pafupifupi 700, nyumba yachiwiri ya House of Lords inakana mobwerezabwereza, mpaka mu Novembala 2004 lamulo la Hunting Act linadutsa mokakamiza popanda chilolezo chake. Linayamba kugwira ntchito pa 18 Febuluwale 2005 ku England ndi Wales. Tony Blair, amene boma lake linalola kuti lidutse, analemba pambuyo pake kuti amanong'oneza nalo bondo. Ku Scotland kusaka mbawala ndi agalu kunali kutaletsedwa kale mu 1959, pomwe kutsidya kwa nyanja, ku France, n'kololedwa mpaka lero, malipenga ndi mayunifolomu ake ali momwemo.

Lamulo la 2004 linasiya makomo otsegula. Limalola agalu osaposa awiri kudzutsa nyama kuti iomberedwe msanga, kulondola nyama yovulala, kapena kutsata nyama pofuna kuiphunzira. Magulu atatu aja sanathe. Anayamba kutuluka ndi agalu awiriawiri, awa akatopa n'kulowetsa ena awiri. Mu 2007 khoti linapeza olakwa anthu awiri ogwira ntchito m'gulu la Quantock, litaona kuti cholinga chawo chinali masewera, osati kuombera nyama mwamsanga monga lamulo likufunira. Kuchokera apo alenje akhala akutsamira kwambiri pa khomo la kafukufuku ndi la nyama zodwala, ndipo otsutsa amawatsata ndi makamera kuti aonetse kuti mbawala ikuthamangitsidwabe mtunda wautali. Nyumba ya Malamulo inawerenga agalu n'kuwaikira malire, koma sinatchule kuti nyama ingathamangitsidwe kwa mphindi zingati, ndipo mkangano wa ku Exmoor umakodwa pamenepo.